Achemwali, £500 ija musatumize kaye

Achemwali amene mwafunsa mosatchula dzina, pepani kwambiri ndi zimene mukudutsamo. Ngati ndamva bwino, nyumba yanu ya ku Leicester banki idalanda n'kugulitsa, ndalama zake sizidakwane kutseka mortgage (ngongole yogulira nyumba), padatsala £38,000. Tsopano kampani ina, yomwe simudakongoleko ngakhale tambala, yakulemberani kuti mukapereka £15,000 pasanathe masiku 30 nkhani itha. Mukufunsa ngati ndi akuba, komanso ngati mungatumizeko £500 yosonyeza kuti mtima wobweza muli nawo.

£500 imeneyo isungeni kaye, ndipo musawalembere kalata kapena imelo yovomera kuti ngongoleyo ndi yanu. Ndifotokoza chifukwa, poti ife ndi bambo a kunyumba zidatigwerapo zomwezi.

Kugulitsana ngongole kuno ku UK n'kololedwa, ndipo safunsa n'komwe wokongolayo. Boma lenilenilo lidachitapo: litatenga banki ya Northern Rock mu 2008, mu 2015 lidagulitsa ngongole za nyumba za £13 biliyoni ku kampani ya ku America ya Cerberus, anthu n'kungodzuka ali ndi wowalonjerera watsopano. Ngongole ngati yanuyi, yomwe nyumba idapita kale ndipo palibenso chikole, amaigula motchipa kwambiri. Ndiye akamati atenga £15,000 sikuti akukumverani chisoni, phindu lawo lili momwemo. Amene mukuwerenga muli m'nyumba zanu koma mwatsalira pa malipiro, zanu n'zosiyana: nyumba ikakhala yamtengo woposa ngongole, kawirikawiri sachotsera, chifukwa akudziwa kuti akagulitsa apeza zawo zonse.

Kuti mudziwe ngati kampaniyo ndi yeniyeni, fufuzani dzina lake pa intaneti pa kaundula wa FCA (bungwe loyang'anira mabanki ndi makampani a zachuma), ndipo muimbe nambala imene ili pa kaundulapo, osati ya pa kalata. Muyeneranso kukhala mutalandira kalata yotchedwa notice of assignment, yonena kuti ngongole yachoka ku banki yapita kwa iwo.

Koma chachikulu ndi msinkhu wa ngongoleyo, ndipo simunatiuze kuti nyumba idagulitsidwa liti. Ku England ndi Wales lamulo la Limitation Act 1980 limapatsa wokongoza zaka 12 zoti akusumireni pa ndalama yomwe mudabwereka, ndi zaka 6 pa chiwongoladzanja. Nthawi zambiri amayamba kuwerenga pamene mudasiya kulipira, osati tsiku logulitsa nyumba. Zaka zimenezi zikatha osakutengerani kukhoti, inu osalipirako kanthu komanso osavomera polemba, sangakukakamizeninso kudzera kukhoti. Vuto lili apa: mukalipira ngakhale £1 nthawiyo isanathe, kapena mukalemba kuvomera, zaka ziyambiranso pa 1. Tangoganizani munthu amene watsala ndi miyezi inayi kuti zaka 12 zikwane, n'kutumiza £500 chifukwa cha mantha. Palinso lamulo la FCA loti banki ikafuna kulonjerera ndalama yotsalayi, iyenera kukudziwitsani pasanathe zaka 6 chigulitsireni nyumba. Ku Scotland malamulo ndi ena, ndipo ngati khoti lidagamula kale kuti mulipire, kawerengedweka sikakuthandizani. N'chifukwa chake ndikuti muonane ndi odziwa musanayankhe.

Ife makalata athu ankangounjikana m'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa thumba la ufa, osatsegula. Envelopu ikagwa pakhomo mtima unkangoti phwii. Tsiku lomwe ndidalimba mtima n'kuimbira National Debtline, bungwe lolangiza anthu a ngongole, mayi amene adandiyankha sadafunse n'komwe za ndalama yomwe akutiuza kuti tipereke. Adafunsa kuti tidalipira komaliza liti. Usiku umenewo tidayala masitetimenti akale pamphasa ya pabalaza, ana atagona, kusakasaka tsiku limodzi lokhalo. Yathu idapezeka kuti nthawi yake inali isanathe, ndiye tidayamba kukambirana nawo, koma tikudziwa pomwe taima. National Debtline ndi mabungwe ena olangiza, StepChange ndi Citizens Advice, salipiritsa. Wina akafuna ndalama kuti akuyankhulireni, mutayeni.

Ikapezeka kuti yanunso ikadali yamoyo, £15,000 ija ndi mtengo woyambira ngati wa pamsika. Lembani ndalama zomwe mumalandira ndi zomwe mumagwiritsa ntchito pamwezi, lendi, council tax (msonkho wa khonsolo), magetsi, chakudya, basi, ana, ndipo alangizi aja akuthandizani kuzikonza pa fomu yomwe makampaniwa amaidziwa. Akaona kuti mulibe nyumba ina ndipo pamwezi pamatsala £40 yokha, amadziwerengera okha kuti adzadikira zaka zingati. Yambirani pansi, ndipo ngati ndalamayo ikuchokera kwa achibale, nenani kuti ndi ya achibale ndipo ilipo kamodzi kokha. Za masiku 30 zisakuthamangitseni magazi. Kwa ife tsiku lawo lidadutsa, patatha milungu ingapo kalata ina idabwera ndi mtengo wotsikirapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukagwirizana, za pafoni zisakukwanireni ngakhale munthuyo atayankhula mokoma bwanji. Kalata ibwere kaye, ndalama pambuyo. Inene kuti alandira ndalamayo ngati full and final settlement, kuti yotsalayo sadzakulonjereraninso ndipo sadzaigulitsa kwa wina. Muonetsetse mayina. Ngati mortgage mudasaina awiri ndi bambo, aliyense wa inu ali ndi mlandu wa ngongole yonse, osati theka. Kalata yoyamba yomwe ife adatitumizira inali ndi dzina langa lokha, ndipo tikadalipira choncho akadatha kutembenukira kwa amuna anga n'kufuna yotsalayo. Tidaibweza, adaikonza. Ngakhale mutakhala kuti mudasiyana ndi bamboyo, funsani alangizi za mbali imeneyi, makamaka ngati muli ndi ana pakati panu.

Pa mbiri yanu ya ngongole ku makampani osunga mbiriyi a Experian, Equifax ndi TransUnion akhoza kulemba kuti partially settled, kutanthauza kuti simudamalize yonse. Zimafufutika pakatha zaka 6 kuchokera tsiku la default (pamene adakulembani kuti mwalephera kubweza), ndiye ngati ndi yakale mwina idachoka kale. Akakuchitirani zosayenera, dandaulani polemba, ali ndi milungu 8 yoti ayankhe, kenako mutha kupita kwa Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo a zachuma, kwaulere.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'choti musapite kwa akatapila, kaya a m'dera lanu kaya a pa intaneti, pofuna kupeza ndalama imeneyi. Musagulitsenso puloti yanu kumudzi mothamanga musanadziwe ngati ngongoleyi angakusumireni nayo. Ife tidadikira mpaka chipereganyu chitatifika, achimwene anga n'kuwonjezerapo, ndipo tidalipira kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Kalata yotsekera ija ndidaijambula, ina ndidasungitsa kwa achemwali anga, yeniyeniyo ili m'chikwama chimodzi ndi mapasipoti.

Usiku uno sakani zinthu ziwiri, tsiku lomwe mudalipira komaliza ndi tsiku lomwe nyumba idagulitsidwa. Mawa m'mawa muimbe foni ija muli nazo m'manja.