Mafunso Anu: Mabulayindi oyezetsa a nyumba za kufupi ndi nyanja yamchere

FUNSO: Ankolo moni. Ine ndi amuna anga tangomaliza kumanga nyumba kufupi ndi nyanja yamchere, malo ake ndi otentha komanso achinyontho moti zovala zikakhalitsa mu wadiropu zimayamba kununkha chinyezi. Tikufuna tiyezetse mabulayindi, zotchingira dzuwa zija, a mawindo onse ndiye ine mtima wanga uli pa athabwa aja, amandisangalatsa kobasi. Koma mnzanga wina akuti ndingotaya ndalama. Zoona ndi ziti? Mayi wa nyumba yatsopano.

YANKHO: Mayi, mnzanuyo amakufunirani zabwino, mumumvere ndithu. Thabwa ngakhale lidulidwe, liumitsidwe, lipakidwe vanishi, silisiya kumwa chinyezi cha mumpweya. Kukakhala chinyontho limafufuma, kukauma limabwerera, mawa chimodzimodzi, nde timatabwa ta bulayindi mukudziwa kale kuti ndi topyapyala, tambiri timakhala mamilimita 50 m'lifupi koma kuchindikala kwake pafupifupi mamilimita 3 basi, ndipo mbali imodzi ikuwombedwa ndi dzuwa pomwe inayo ili pamthunzi. Mapeto ake timakhota, ena kupindikira uku ena uko, ndipo mukafuna kutseka sitigwirananso, kuwala kumangodutsa m'mipata. Ambiri amapangidwa ndi mtengo wotchedwa basswood chifukwa ndi wopepuka, ndi mtengo wabwino ndithu koma si wa m'chinyontho. Wogulitsa akakuuzani kuti musadandaule anapakidwa vanishi, dziwani kuti vanishi imangochedwetsa, siiletsa, chinyezi chimalowera m'timabowo modutsa zingwe muja komanso kumapeto komwe anadula poyeza windo lanu.

Ngati mtima sukulola, athabwawo ikani m'chipinda chimodzi chomwe muli eyakoni ndipo windo lake simulitsekula kawirikawiri. Kubafa ndi kukhitchini ayi, osayesa n'komwe. Kwina konseko tengani a pulasitiki ya PVC kapena osakaniza aja omwe amapangidwa mofanana ndi thabwa, munthu ataima pakhomo sangasiyanitse, ndipo madzi alibe nawo ntchito. Nawonso ali ndi vuto lawo, ndi olemera kuposa thabwa, nde windo likakhala lalikulu kukoka kwake kumatopetsa ndipo zingwe zimatha msanga, bola muwauze akugawireni mabulayindi awiri pa windo limodzi. Komanso pa windo lomwe dzuwa limawomba kwambiri musankhe oyera kapena otuwa, PVC yakuda ikatentha imafewa n'kugwa pakati.

Koma mayi, chomwe ndikufuna muchigwiritse kwambiri si thabwa kapena pulasitiki ayi. Anthu akamasankha maso onse amakhala pa mtundu ndi kukongola, pomwe bulayindi ya kunyanja imafera pa tizitsulo tating'onoting'ono tomwe simutiona: chitsulo cha pamwamba pa bulayindi chija chomwe chimanyamula zonse, mabulaketi, masikuluwu, masipuling'i, tcheni. Mphepo ya kunyanja imanyamula timchere tosaoneka ndi maso n'kukasiya paliponse, ngakhale mkati mwa nyumba ngati mawindo amakhala otsekula. Mcherewo khalidwe lake ndi kukoka madzi a mumpweya, chinyezi chikafika pa 75 peresenti mchere wamba umanyowa wokha, ndipo mu mchere wa m'nyanja muli mitundu ina yomwe imanyowa chinyezi chisanafike n'komwe pamenepo. Nde chitsulo chimangokhala ngati mwachiviika m'madzi amchere usana ndi usiku. Mudzangoona dzimbiri likutsika pakhoma kuchokera pa bulaketi, kapena tsiku lina bulayindi ikukana kukwera pomwe timatabwa take tikadali tatsopano.

Choncho wobwera kudzayezayo mumufunse chimodzichimodzi, musachite manyazi, ndalama ndi zanu. Chitsulo cha pamwamba pa bulayindi chikhale cha aluminiyamu yopakidwa penti yowotcha ija amati powder coating, osati chitsulo wamba chongopaka penti. Masikuluwu ndi mabulaketi akhale a chitsulo chosachita dzimbiri msanga chija amati stainless steel, ndipo apa pali kamsampha chifukwa stainless ilipo mitundu. Yofala ndi ya nambala 304, yomwe kunyanja imachita madontho abulawuni. Yoyenera kumeneko ndi 316, imeneyi muli mtundu wina wa chitsulo wotchedwa molybdenum pakati pa 2 ndi 3 peresenti ndipo ndi amene amaithandiza kulimbana ndi mchere. Tcheni chokokera bola cha pulasitiki. Mukamapita kukaona zitsanzo nyamulani kamaginito, kakamata mwamphamvu ndiye kuti ndi chitsulo wamba, pa aluminiyamu sikamata n'komwe, pa 304 ndi 316 mwina kangokoka pang'ono. Kusiyanitsa 304 ndi 316 maginito sangathe, nde akulembereni papepala la oda kuti akuikirani 316.

China chomwe ngakhale amisiri ena amachiphonya, zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali madzi amchere chimodzi chimadyeka msanga. Sikuluwu ya stainless ikalowa mu felemu ya aluminiyamu, yodyeka ndi aluminiyamuyo, mudzaona ufa woyera mozungulira sikuluwu. Kawasha ka pulasitiki kapena kagirizi pang'ono pakati pake kamathandiza kwambiri, muwakumbutse pa tsiku lodzamangirira.

FUNSO: Ankolo, mabulayindi anga ansalu opinda aja achita madontho akuda ndipo m'chipinda mukununkha chuku, mwana wanga wayamba kuyetsemula m'mawa uliwonse. Ndachapa koma zikubwereranso. Ndisinthe ndigule otani? Bambo wodandaula.

YANKHO: Pepani bambo. Zimenezo ndi nkhungu, ndipo poti mwana wayamba kuyetsemula ine ndikuti achotseni m'chipinda chake lero lomwe, ngati sakusiya mupite naye kuchipatala akamuone. Nkhungu ikalowa mkati mwa ulusi wa thonje kapena linen kuchotsa kwake n'kovuta, mumachapa pamwamba koma mkati ikadalimo. Mabulayindi opinda aja amati Roman ndi okongola koma m'mapindo mwake ndi momwe mumabisala chinyezi ndi fumbi. A nsungwi, a udzu woluka, a jute, onsewa ndi gulu limodzi, ndi zomera ndipo nkhungu imadya zomera. Aja okhala ndi timabowo mkati amati honeycomb amathandiza kutchinga kutentha ndithu, koma m'timabowomo mukalowa tizilombo ndi chinyontho simungapukutemo, ine m'nyumba ya mawindo otsekula sindingakulimbikitseni.

Gulani a rola, a nsalu imodzi yosalala yokulunga pa paipi ya aluminiyamu, nsalu yake ikhale poliyesita kapena ulusi wa fibreglass wokutidwa ndi PVC. Imeneyi siimwa madzi ndipo mumangopukuta. Koma ndikuuzeni zoona bambo, ngakhale pa pulasitiki nkhungu imamera ngati pali fumbi ndi chinyontho, chifukwa imadya fumbilo. Nde ngati chipindacho chikhalabe momwe chililimu, mudzandilemberanso kalata yomweyi chaka chamawa. Pezani kachipangizo koyezera chinyezi kaja kotchedwa hygrometer mukaike m'chipindamo, cholinga ndi choti chinyezi chizikhala pansi pa 60 peresenti, chikamakhalitsa pamwamba pa 70 nkhungu yapeza pokhala. Fani, mpweya wodutsa kuchokera windo lina kupita lina, eyakoni kapena makina oyamwa chinyezi ngati mungakwanitse, zonsezi zimathandiza. Bulayindi isagunde galasi, pakhale kampata koti mpweya uzidutsa chifukwa galasi limachita thukuta. Ndipo mvula ikawazira, musaikulunge ili yonyowa, itsitseni yonse mpaka iume kaye. Ambiri amaonongera pamenepa, amakulunga mwachangu pothawa mvula n'kuiwala sabata yathunthu.

Popukuta, madzi abwino ofunda ndi sopo pang'ono, kamodzi pamwezi, osaiwala zitsulo za pamwamba pa bulayindi zija kuti mcherewo uchoke. Timadontho tikayamba viniga woyera amathandiza. Bulitchi musamuyandikize pa zitsulo, amadya aluminiyamu ndi stainless yomwe, ndipo chonde chonde musadzasakanize bulitchi ndi viniga, zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe ndi poizoni.

FUNSO: Pabalaza pathu pali windo lalikulu loyang'ana kunyanja, kumadzulo. Masana dzuwa likapendeka mumatentha zedi ndipo mipando yayamba kusuluka, koma sindikufuna kutseka nyanja chifukwa ndi yomwe tinakondera nyumbayi. Pali njira Ankolo? Mtsikana wanu.

YANKHO: Ilipo mwana wanga. Funsa nsalu ya rola yotchedwa sunscreen kapena solar screen, ili ndi timabowo tating'ono kwambiri moti umaona kunja koma dzuwa lambiri limatsalira. Amaigulitsa ndi manambala, 1, 3, 5 kapena 10 peresenti, kutanthauza kuchuluka kwa malo otseguka pansaluyo. Nambala ikakula umaona bwino koma dzuwa nalonso limalowa lambiri. Pa windo la kumadzulo, komwe dzuwa limabwera chopendeka kuphatikiza kunyezimira kwa madzi, ine ndingatenge 3, ukafuna kuona kwambiri 5. Ya 10 isiye ya mawindo a pamthunzi.

Za mtundu zimadabwitsa anthu ambiri. Nsalu yakuda ndi yomwe umaonera kunja bwino ndipo imachepetsa kuthobwa m'maso, yoyera imabweza kutentha bwino koma nyanja imaoneka mwachimbuuzi. Zilipo zina zoyera kapena zasiliva mbali yoyang'ana kunja, zakuda mbali ya mkati, ngati thumba likulola tenga imeneyo. Upemphe tizidutswa ta nsaluzo ukatiike pagalasi lako cha m'ma 4 koloko masana, usasankhire pa foni kapena m'shopu momwe muli magetsi okhaokha.

Chenjezo ndi ili, usiku zinthu zimatembenuka. Mukayatsa magetsi mkati, wa kunja amakuonani bwinobwino inu osamuona. Pabalaza mwina zilibe kanthu, koma kuchipinda chogona uikitse rola ziwiri pa bulaketi imodzi, sunscreen ya masana ndi ina yotchinga kuwala konse ya usiku. Ndipo poti kunyanja mphepo siitha, uwauze aike timawaya kapena tinjanji m'mbali togwira bulayindi isamamenyetseke pagalasi. Mabulayindi a tizitsulo ta aluminiyamu topyapyala aja a mamilimita 25 sachita dzimbiri lofiira ndithu, koma pa windo lotsekula amasokosa ndipo kakangopindika kamodzi sikawongokanso.

FUNSO: Ndikufuna ndiyeze ndekha mawindo kenako nditumize miyezo, kuti ndisalipire munthu wodzayeza. Ndingatani kuti ndisalakwitse? Mnyamata wa lendi.

YANKHO: Achimwene, choyamba dziwani kuti zoyezetsa nthawi zambiri sizibwezedwa, mukalakwitsa muyezo ndi inu zakugwerani. Ngati kampaniyo imatumiza munthu wake, bola ayeze yekha kuti cholakwika chikhale chawo. Koma ngati mwatsimikiza, gwiritsani tepi yachitsulo osati ya telala ija, imatamuka, ndipo lembani mu mamilimita. Ngati bulayindi ikulowa mkati mwa bowo la windo, yezani m'lifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kutenga nambala yaing'ono pa zitatuzo, chifukwa makoma sakhala owongoka monga amaonekera. M'litali chimodzimodzi, kumanzere, pakati, kumanja. Muonenso kuya kwa bowolo ndi zogwirira za windo kapena mabagala ngati sizidzagunda. Potumiza nenani momveka kuti uwu ndi muyezo wa bowo, iwo ndi amene amachotserako pang'ono kuti ilowe bwino, mukachotsa inu iwonso n'kuchotsa idzabwera yoperewera. Ngati ikukhala kunja kwa bowo, onjezerani masentimita 5 mpaka 10 mbali iliyonse kuti kuwala kusamadutse m'mbali. Windo lililonse liyezedwe palokha ngakhale akuoneka ofanana, ndipo poti nyumbayo ndi ya lendi mukambe kaye ndi alandilodi musanaboole khoma.

FUNSO: Ankolo tili ndi ana awiri aang'ono, wina wa zaka 2. Ndinamva kuti zingwe za mabulayindi ndi zoopsa, ndiye ndimaganiza za a mota aja a rimoti, koma kodi mota ingalimbe ndi mchere wa kunoku? Mayi wa awiri.

YANKHO: Munamva zoona mayi, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa musanagule. Ana aang'ono amwalirapo m'maiko osiyanasiyana atakoledwa m'khosi ndi zingwe kapena matcheni a mabulayindi, zimachitika mwachangu ndiponso mwakachetechete, mwana sakuwa. N'chifukwa chake ku Ulaya kuli muyezo wa EN 13120 womwe uli ndi malamulo a chitetezo cha ana pa mabulayindi a m'nyumba. Chabwino koposa ndi opanda zingwe, aja ongokankha ndi dzanja kapena otembenuza ndi kandodo. Ngati pali tcheni, chimangiriridwe kukhoma ndi kachogwirira kake kuti chikhale chokungika, ndipo zingwe zizikulungidwa pamwamba posachepera mita 1.5 kuchokera pansi. Bedi, kama wa mwana ndi mipando zichoke pansi pa windo, mwana wa zaka 2 amakwera chilichonse.

Za mota, ya rola imakhala mkati mwa paipi nde ndi yotetezekako, m'zipinda za mkati imagwira ntchito bwino. Pomwe mchere umayambira ndi pa malo otchajira ndi polumikizira mabatire, pamachita zobiriwira. Pakhonde kapena pa windo lomwe mvula imawazira musaike mota ya m'nyumba, funsani yopangidwira panja. Ndipo musanasaine chilichonse muwerenge pepala la waranti, makampani ena amalemba m'timalemba ting'onoting'ono kuti dzimbiri la nyumba zoyandikana ndi nyanja sakulivomera. Mukapeza mawu amenewo afunseni kuti mtunda wake ndi wotani kuchokera kunyanja, ndipo yankho lawo akupatseni polemba.