Sukulu ya boma koma yolipira, zikutheka bwanji?

Funso: Aphunzitsi, ndimagwira ntchito yam'nyumba ndipo ndimakhala ku Rosettenville, ku Johannesburg m'dziko la South Africa. Mwana wanga ali Giredi 4 pasukulu ya boma, koma mwezi uliwonse amabwera ndi kalata ya fizi. Achemwali anga ku Soweto salipira kalikonse. Kumudzi pulayimale idakhala yaulere mu 1994. Kodi akundidyera masuku pamutu poona kuti ndine mlendo? Nachisale.

Yankho: Mayi Nachisale, mtima m'malo. Kalata imeneyo eni dziko akuilandiranso.

Boma la Mandela polowa mu 1994 lidapeza madipatimenti a maphunziro 19, ogawidwa potengera khungu ndi dera. Nduna yoyamba, Sibusiso Bengu, idawaphatikiza kukhala unduna umodzi ndi nthambi m'zigawo 9. Pomwe padavuta ndi pa sukulu za azungu. Pofika 1992 zambiri zidali zitasanduka Model C: boma kulipira aphunzitsi, makolo kusonkha za magetsi, mabuku, ngakhale dziwe losambira. Boma latsopano lidaopa kuti likathetsa fizi, opeza bwino athawira kusukulu zomwe si zaboma, ndalama zawo n'kupita nazo. Choncho lamulo la South African Schools Act la 1996 lidasiya nkhani ya fizi m'manja mwa makolo ndi komiti yawo yoyendetsa sukulu yotchedwa SGB. Kwa ine, apa boma lidawanyengerera opeza bwinowo mopitirira muyeso.

Zaulere zidadzayamba mu 2007. Sukulu adaziika m'magulu 5 otchedwa quintile, poyang'ana umphawi wa dera, ndipo lero za gulu 1 mpaka 3 sizilipiritsa. Sukulu za m'madera omwe kale adali a azungu, monga kwanuko, nthawi zambiri zimagwera 4 kapena 5, ngakhale okhalamo lero ndi ife opanikizana banja lonse m'chipinda chimodzi cha lendi.

Musangokhala ndi kalatayo pansi pa pilo. Pitani ku ofesi ya sukulu mukapemphe fomu ya exemption, yopempha kuti akuchotsereni fizi, mutatenga payslip kapena kalata ya abwana anu yonena malipiro. Ngati fizi ya chaka ikufika 10 peresenti ya zomwe inu ndi bambo a mwana mumapeza pachaka, simuyenera kulipira n'komwe. Ikacheperapo, akhoza kukuchotserani gawo. Lamulo silikulola kum'thamangitsa mwana kapena kum'bisira lipoti chifukwa cha ngongole ya fizi. Fomuyo imadzazidwa chaka ndi chaka, ndiye Januwale akamafika mukaitengenso.