Nazale ndi ya azimayi, ma alawansi ndi a abambo

Achimwene mwafunsa kuti za jenda zikulowamo bwanji pa nkhani ya chitukuko chokhazikika poti chilala sichisankha mwamuna kapena mkazi. Inde sichisankha, koma mjigo ukauma amadzuka 4 koloko kukandandika zigubu ndani? Ndi mayi ndi mwana wake wamkazi, mwanayo mpaka kufika mochedwa kusukulu. Nkhalango ikatha woyenda mtunda wautali kukasaka nkhuni ndi mayi yemweyo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi mmene mapulojekiti ambiri amayendera akafika kumudzi. Akuti tibzale mitengo, chabwino, koma othira dothi m'machubu, otunga madzi kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala lili phwee ndi azimayi, mwaulere, amvekere ndi kudzipereka kumeneko, ndiye likafika tsiku la maphunziro kuboma komwe kuli ma alawansi mungoona akukwera galimoto ndi atcheya ndi asekilitale, onse abambo. Ulimi wa mtayakhasu, uja wobzala osagaula nthaka, nawo ndi wabwino sindikutsutsa, nthaka imasunga chinyontho, koma zaka zoyambirira udzu umamera osati masewera ndipo ngati pakhomo palibe ndalama ya mankhwala ophera udzu wozula ndi manja ndi mayi, mwana ali kumsana. Ntchito yake yawonjezeka koma mu lipoti simulembedwa zimenezo.

Malamulo alipo ndithu. Gender Equality Act ya 2013 imati polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 alionse, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 limati mwa anthu 6 osankhidwa mu komiti ya malo osachepera 3 akhale azimayi. Ku bungwe la United Nations nakonso pa zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zimene mayiko anagwirizana mu 2015, cha nambala 5 ndi cha kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi. Koma kulembedwa dzina mu komiti kenako n'kukakhala pa mkeka kumbuyo kumangoomba m'manja abambo akamaliza kulankhula, chasintha n'chiyani? Olo kumadera a chikamwini komwe munda ndi wa mkazi, soya kaya fodya akagulitsidwa kawirikawiri ndalama imathera m'thumba la bambo.

Ndiye pulojekiti ikamadzitama kuti otenga nawo mbali ambiri ndi azimayi, inu funsani kuti akusainira ndalama kubanki ndani, mitengoyo ikakula wogulitsa adzakhala ndani, komanso misonkhano akuiika nthawi yanji, chifukwa mukaitanitsa 11 koloko mayi ali pamoto kuphikira ana ochokera kusukulu musadzanene kuti azimayi safuna kubwera.