Mayi a ku Bangula akusamukira ku Maputo: kumeneko adzawagwira dzanja ndani?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Bangula, mphunzitsi wa pulayimale. Amuna awo atumizidwa kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lino ku Maputo, ndipo banja lonse likupita. Akufunsa kuti: "Ndamva kuti kumaofesi a akazembe kumakhala munthu woyang'anira umoyo wa mabanja. Ndi zoona? Amachita chiyani? Nanga ine, wozolowera kulawirira ku kalasi, ndingaigwire ntchitoyi m'malo mongokhala m'nyumba?"

Mayi, ndi zoona, koma zimatengera dziko. Amereka ndiwo anaikhazikitsa bwino ntchitoyi. Unduna wawo woona zakunja unatsegula ofesi yosamalira mabanja mu 1978, ndipo lero m'maofesi ambiri a akazembe awo muli Community Liaison Office. Woiyendetsa kawirikawiri amakhala mkazi kapena mwamuna wa mmodzi wa ogwira ntchitowo, ndipo amalipidwa. Amalandira obwera kumene, amathandiza kupeza sukulu, amalozera anthu kwa dokotala, ndipo kukabuka chipwirikiti ndiye amadziwa kuti banja lililonse lili pati. A ku Britain nawonso ali ndi anthu otere. Maofesi athu a ku Malawi ndi aang'ono, ndipo anthu akachepa ntchito ngati iyi imagwera woyendetsa ofesi pamodzi ndi mabanja eniakewo. Choncho musananyamuke, pemphani abambo akafunse ku unduna ku Capital Hill kuti ku Maputo amalandira mabanja ndani, awatchulire dzina ndi nambala ya foni.

Ambiri amaganiza kuti ndi ntchito yokonza maphwando a pa 6 Julaye basi. Phwando lilipo ndithu, koma limadza kamodzi pa chaka. Ntchito yeniyeni imayamba usiku woyamba: mwatsika ndege, ana akulira njala, m'nyumba mulibe poto ngakhale mthiko, gasi watha, foni yanu ya TNM yangoti zii, ndipo mlonda wa pageti akulankhula Chipwitikizi. Inu ndinu a kuchigwa, mwina mukudalira Chisena. Chisena chidzakuthandizani ku Beira, ku Tete mudzamvana ndi Anyungwe, koma ku Maputo n'kummwera, amalankhula Chironga ndi Chichangana. Munthu amene wakusiyirani ufa, mchere ndi kamtolo ka masamba patebulo, n'kubwera m'mawa kudzakuperekezani kukagula simu khadi, wagwira ntchito yaikulu kuposa mmene anthu amaionera.

Za sukulu muzifunse msanga. Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba kumayambiriro kwa chaka, pamene kuno timatsegulira mu Seputembala. Sukulu za boma zimaphunzitsa m'Chipwitikizi, za Chingerezi n'zodula, ndipo mwana amene ali pafupi kulemba mayeso a MANEB angasokonezeke. Dziwani kuti boma lidzalipira zingati, pa ana angati, ndipo zilembedwe.

Tsopano ndifike pamene pandikhudza kwambiri. Pangano la ku Vienna la 1961, lomwe limalongosola za akazembe, limateteza nthumwi pamodzi ndi a m'banja lake okhala naye pakhomo. Apolisi a dzikolo sangamumange, ndipo sangalowe m'nyumba mwake popanda chilolezo. Chitetezo chimenechi n'chabwino, koma taganizirani mayi amene akumenyedwa mkati mwa nyumba yomweyo. Kuno akanathamangira kwa ankhoswe, kwa amfumu, kapena ku Victim Support kupolisi. Kumeneko ankhoswe ali kutali, chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chamangirizidwa pa ntchito ya mwamunayo, ndipo akakadandaula kwa kazembe ndiye kuti wakanenera mwamuna wake kwa abwana ake. Banja lonse likhoza kubwezedwa, ana n'kusiya sukulu. Amayi ambiri pamenepo amangokhala chete. Chimodzimodzi bambo amene watsatira mkazi wake n'kuyamba kumwa mowa masana chifukwa chosowa chochita, kapena mtsikana wantchito wotengedwa kumudzi amene samutulutsa pageti ndipo pasipoti yake ili m'chikwama cha abwana.

Anthu amenewa amafunika khutu limodzi losabowoka. Ndiye mtima wa ntchito yomwe mukufunsayi. Kwa Amereka lamulo lake ndi lomveka: zimene mwauzidwa musunge, pokhapokha ngati moyo wa munthu kapena chitetezo zili pachiswe. Komanso woyang'anirayo si dokotala kapena woweruza. Iye amamvetsera, n'kumufikitsa munthu kwa amene angamuthandize. Pamalo pamene mabanja ndi owerengeka, nkhani imodzi ikangotuluka pakamwa panu, palibenso adzagogode pachitseko panu. Ndipo maudindo a amuna asalowe m'menemo. Mkazi wa dalaivala akaona kuti mukumulankhula monga mkazi wa bwana, adzakupatsani moni waulemu koma zakukhosi sadzakuuzani.

Chachiwiri ndi uthenga wochokera kwathu. Ife a kuchigwa timaudziwa. Namondwe wa Ana atawomba mu Januwale 2022, msewu wa M1 unaduka, Kapichira inawonongeka, magetsi anazima dziko lonse. Freddy anabweranso mu Malichi 2023, ndipo ku Makhanga kunkafikika pa boti kapena pa ndege. Ndiye khalani inuyo ku Maputo, mukuimba foni ya amayi anu usiku wonse koma siikupezeka, pa Facebook mukungoona madenga atamira. Kapena maliro agwa, ndipo kutentha kwa kwathu sikulola kudikira. Pofika pa Chileka, n'kutsika zitunda mpaka pa Thabwa, anthu abwerako kale kumanda. Pa nthawi ngati imeneyo pamafunika munthu wodzakhala nanu pansi, wotenga ana kukawadyetsa kwake, wosonkhetsa chipepeso, wothamangira tikiti. Langizo langa ndi lakuti mukangofika muyambitse thumba la zadzidzidzi, monga mumachitira ku banki nkhonde, lokhala ndi kabuku ndi asungichuma awiri, malamulo ake mugwirizane kusanagwe kanthu.

Mavuto amathanso kubukira komweko. Chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 chitatha, misewu ya Maputo inkatsekedwa ndi zionetsero, ndipo inu nomwe munaona anthu akuwoloka Shire kuthawira ku Nsanje. Masiku otere mndandanda wa manambala, wolemba kuti mwana uyu ali sukulu iti ndipo amamwa mankhwala anji, umapulumutsa.

Nanga mungaigwire? Ndikuona kuti mungathe. Mphunzitsi wa ku Bangula amene anaonapo kalasi yake itasanduka msasa wa othawa madzi, n'kumalemba maina ndi kugawa zofunda, sayamba kumene. Koma pa za malipiro musadzinamize. Mkazi kapena mwamuna wa nthumwi saloledwa kungofunsira ntchito yolipidwa m'dziko la eni. Pamafunika mgwirizano wa maiko awiriwo kapena chilolezo chapadera, ndipo pa zokhudza ntchitoyo chitetezo chija chimachepa. Ngati ofesi ilibe udindo wolipidwa, mudzakhala mukudzipereka chabe. Zikatero pemphani kazembe akupatseni kalata yofotokoza zomwe mukuchita, idzakuthandizani pobwerera. Ntchito yanu yauphunzitsi musangoisiya pakamwa; pitani kwa mkulu woona za maphunziro m'boma la Nsanje mukafunse za tchuthi chosalipidwa, yankho likhale papepala, pakuti ntchito za ukazembe zimatha pakapita zaka zochepa, ndipo nthawi zina boma limaitanitsa anthu mwadzidzidzi.

Chipwitikizi yambani kuphunzira panopa, ngakhale moni ndi mitengo ya pamsika. Pa Marka ndi pa msika wa Nsanje simusowa wokuphunzitsani. Ndipo miyezi yoyambirira musathamangire udindo. Lolani kuti ena akusamaleni kaye, muone pamene akuperewera, pakuti pamenepo ndi pamene mudzayambire.