Za Kőszeg mwafunsazi

Achimwene, mwafunsa ngati Kőszeg ndi tauni yoti munthu nkukhalako kapena ndi yongokajambulako zithunzi. Ine ndinganene kuti zonse ziwiri, bola musakhale munthu wokonda phokoso. Katauni kake nkakang'ono, anthu sakwana ndi 15,000 omwe, kali kumadzulo kwa Hungary mphepete mwa malire ndi Austria, moti ambiri amadzuka m'mamawa kukagwira ntchito ku Austria komweko chifukwa malipiro ndi abwinoko, madzulo nkubwerera.

Mbiri yake ndiye amanyadira nayo heve. Mu 1532 mfumu ya ma Turk, Suleiman, ikupita ku Vienna ndi chigulu cha asilikali inadzatsekeredwa pompa, mkulu wina Nikola Jurišić ndi anthu mazana ochepa chabe anakana kupereka linga lawo pafupifupi mwezi wonse wa Ogasiti mpaka ma Turk anangochoka. Mpaka lero mabelu amatchalitchi amalira 11 koloko m'mawa kukumbukira zimenezo, ndiye mukadzamva musadzaganize kuti wotchi yanu yabalalika ayi.

Chomwe ine chimandisangalatsa kwambiri ndi buku lawo la mphesa. Kuyambira 1740, chaka chilichonse pa 24 Epulo amathyola timphukira ta mphesa nkujambula m'bukumo mmene taphukira, ndipo sanasiyebe. Vinyo wawo wofiira wa Kékfrankos ndi wabwino ndithu.

Koma madzulo tauni imagona msanga, zogula zazikulu mukwere sitima kupita ku mzinda wokulirapo wa Szombathely, sipatali. Chihangare phunziraniko ndithu, achikulire ambiri akaona kuti simukumva chilankhulo chawo amathawira ku Chijeremani osati Chingerezi.