Funsani Makaniko: Kapikapu ka malemu bambo kakhala zaka 8 osalira

FUNSO: Amakaniko, bambo anga atamwalira anatisiyira kapikapu ka Nissan 1400. Kakhala pansi pa mtengo zaka 8 osalira. Sikanawonongeke ayi, tsiku lomaliza kanabwera kokha, kungoti pakhomo panalibe wodziwa kuyendetsa. Pano ndili ndi laisensi. Mnzanga akuti tigule batire, tithire petulo, ndipo kakakana tikakankhe. Makaniko wina, osakaona n'komwe, akuti pakufunika ovaholo basi, kumasula injini yonse n'kuikonzanso. Ndimvere uti?

YANKHO: Achimwene, pepani ndi imfa ya bambo. Awiriwa musamvere aliyense pakali pano, koma woopsa kwambiri ndi mnzanuyo. Injini ikakhala zaka zonsezo, oyilo yense amatsikira pansi mu sampu, mkati mwa masilinda mumauma, ndipo chinyezi chimalowa kudzera pa mavalavu amene anatsala otseguka. Maringi, timphete tozungulira pisitoni, amamatirira ku khoma la silinda ndi dzimbiri. Mukaikakamiza ndi sitata, kapena kuikankha ili m'giya, maringi amathyoka n'kukanda silinda. Ngati munalowa madzi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft (chitsulo chachikulu chapansi chimene mapisitoni amazunguliza) chimapindika, chifukwa madzi sapanikizika. Apo ndiye ovaholo ija mwaiitana nokha.

Kiyi ikani m'thumba kaye. Tsegulani boneti, muyang'ane ntchito ya makoswe. Amakonda kumanga chisa mu fyuluta ya mpweya komanso kutafuna mawaya, ndipo waya wosendeka akakumana ndi batire latsopano, moto suchedwa. Kenako sololani kachitsulo koyezera oyilo. Akakhala wakuda, palibe chodandaula. Akakhala wotuwa ngati wasakanikirana ndi mkaka, ndiye kuti madzi analowa.

Masulani mapulagi onse anayi, koma muyambe mwapemerera zinyalala zowazungulira kuti zisagwere mkati. Mawaya ake muwalembe manambala. Injini imeneyi, yotchedwa A14, imayaka motsatana 1-3-4-2, ndipo mukawasokoneza mudzatukwana galimoto yosalakwa. M'bowo lililonse thirani masupuni awiri kapena atatu a mafuta osungunula dzimbiri. Ine ndimakonda ATF, oyilo wofiira uja wa giyabokosi ya otomatiki, chifukwa ndi wopepuka ndipo amalowerera bwino. Mukatero isiyeni masiku angapo, ngakhale sabata yathunthu. Apa m'pamene anthu ambiri amalephera. Yakhala zaka 8, koma sabata imodzi imawakanika.

Nthawiyo ikakwana, chotsani giya, ikani sipanala pa bawuti yaikulu ya puli yapansi kutsogolo kwa injini, muyese kuzunguliza ndi dzanja. Ikakana, musawonjezere chipaipi pa sipanala kuti mphamvu ichuluke. Gwedezani pang'ono uku ndi uku, onjezerani mafuta, dikiraninso. Ikayamba kuyenda, izungulizeni kawiri kathunthu mukumvetsera ngati pali pamene ikugunda. Ndi bwinonso kutsegula chivundikiro chapamwamba kuti muone ngati mavalavu onse asanu ndi atatu akutsika ndi kubwerera. Valavu yomatirira imapinda kandodo kake koikankhira. Mwayi wanu ndi wakuti A14 imayendera tcheni, osati lamba wa taimingi. Ukanakhala lamba ndikanati musinthe musanachite china chilichonse, poti labala amakalamba ngakhale galimoto isakuyenda.

Oyilo wakale ndi fyuluta yake tayani, muike zatsopano. Petulo wotsala m'thanki musamukhulupirire ngakhale pang'ono: pofika pano anasanduka phula lonunkha ngati vanishi, lomwe limatseka timabowo ta m'kabureta. Thanki itsukidwe, kabureta imasulidwe n'kupemereredwa, timapaipi ta labala tosweka tisinthidwe. Mu radiyeta tsukaninso, muone ngati mapaipi a madzi sanaume.

Tsopano batire. Mapulagi akadali panja, ndipo waya wa koyilo (yopereka moto ku mapulagi) mwauchotsa, zungulizani ndi sitata masekondi khumi okha, pumulani, bwerezani mpaka nyale yofiira ya oyilo itazima. Ikani kansanza pa mabowo aja chifukwa ATF adzathovoka. Nyaleyo ikapanda kuzima mutabwereza kangapo, lekani pomwepo. Injini yopanda oyilo m'mabeyaringi imatha m'mphindi zochepa. Ikazima, bwezerani mapulagi ndi waya wa koyilo uja, onani ngati moto ukufika, ndiye muilize. Idzafuka utsi wambiri wabuluu poyamba. Musachite mantha, ndi mafuta munathira aja akupsa. Musaipondereze, ingoisiyani izilira pang'onopang'ono maso ali pa geji ya kutentha ndi pansi pa galimoto.

Nanga za ovaholo? Makaniko amene akugamula mlandu asanaone galimoto ine sindimukhulupirira. Chogamula ndi geji ya kompuresheni, yoyeza mphamvu imene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya, ndipo muyeze injini italira kangapo n'kutentha, chifukwa maringi omatirira nthawi zambiri amamasuka okha ikayamba kugwira ntchito. Chofunika si nambala yaikulu, koma kuti masilinda anayiwo asasiyane kupitirira 10 kapena 15 peresenti. Imodzi ikatsika, thiranimo supuni ya oyilo muyezenso. Nambala ikakwera, vuto ndi maringi. Ikapanda kusintha, yang'anani mavalavu. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, kawirikawiri ndi gasiketi ya hedi, yotseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, ndipo imeneyo si ntchito yotsitsa injini yonse.

Zikafika poti imasulidwe ndithu, kaya chifukwa yakaniratu kuzungulira kapena ikugogoda pansi, musagule chitsulo chilichonse okonza mabuloko (thupi la injini) asanayeze. Iwo ndi amene anganene ngati masilinda akufunika kungopalidwa pang'ono kapena kukulitsidwa ndi mamilimita 0.50, ndipo mapisitoni ndi maringi amagulidwa motsatira muyeso umenewo. Chimodzimodzi crankshaft ndi mabeyaringi ake. Chilichonse chochotsedwa chilembedwe kumene chachokera, makamaka zotsekera mabeyaringi, poti sizisinthana malo. Mabawuti a hedi amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati mongoyerekeza ndi mkono. Ikatha, makilomita 1,000 oyamba muiyendetse mofatsa, osasenzetsa katundu wolemera, kenako musinthe oyilo.

Ikalira musathamangire kumsewu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo pa zaka 8 timasilinda ta m'mawilo timakhala titachita dzimbiri. Kilatchi nayo mwina inamatirira ku flywheel, chitsulo cholemera chozungulira chakumbuyo kwa injini. Matayala, ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano, yang'anani m'mbali mwake. Mukaona ming'alu, onsewo achoke.