Funsani Dokotala: Kodi mwana wanga wafika poti n'kukwera roller coaster?

Adokotala, ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndili ndi ana awiri, wamwamuna wazaka 9 ndi wamkazi wazaka 5. Sukulu zikatsekera mu December bambo awo akufuna tikawasangalatse ku paki ya zokwera ya Gold Reef City. Wamkuluyo akuti akakwera roller coaster yotchedwa Anaconda, ndiye mlongo wakeyo akulirira kukakwera chilichonse chimene achimwene ake akwere. Bambo awo akuti tingomuveka nsapato zazitali kuti akapyole pamuyezo, poti ndi mwana wolimba mtima. Ine mtima suli m'malo. Ndiwalole?
Mayi wa ana awiri, Johannesburg

Amayi, za nsapatozo musavomere, ndipo bambo a kunyumba muwawerengere yankho lino. Muyezo umene uli pakhomo la chokwera chilichonse sanauikire kuti aone mwana wolimba mtima. Anauika potengera mpando ndi chitsulo chimene chimatsekera munthu pampandopo. Chitsulocho chinapangidwa kuti chigwire ntchafu, chiuno ndi mapewa a munthu wamsinkhu wakutiwakuti. Nsapato imatalikitsa mwendo pansi, koma msana, ntchafu ndi mapewa zimakhala momwemo. Mwana akakhala pansi, nsapato ija yatha ntchito, ndipo pakati pa thupi lake ndi chitsulo pamatsala mpata. Anaconda ndi sitima yolendewera kunsi kwa njanji, miyendo ili m'malere, ndipo imazondotsa anthu kangapo. Mpata umenewo ndi umene mwana angatsetserekeremo.

Zokwera zazikulu za ku Gold Reef City zimafuna munthu wotalika mamita 1.3. Pamatchati a kakulidwe ka ana a bungwe la WHO, mwana wazaka 5 amakhala cha m'ma 110 cm, ndipo ambiri amafika 130 cm ali pakati pa zaka 8 ndi 9. Wamkaziyo ndiye kuti watsala ndi zaka zitatu kapena zinayi. Wamkuluyo ali m'malire, choncho muimikeni pakhoma kunyumba, muyezeni musananyamuke, kuti asakakhumudwe atatha ola lonse ali pamzere.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi khosi. Mwana akamabadwa, mutu wake umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa thupi lonse, pamene wa munthu wamkulu ndi gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Pa zaka 5 mutu umakhala ukadali waukulu poyerekeza ndi thupi, minofu ya m'khosi isanakhwime, mitsempha yomanga mafupa a khosi ili yofewa. Mukudziwa mmene mutu wa mwana wogona kumbuyo umalendewerera mukamayenda mofulumira. Pa roller coaster, pokhota ndi potsika, thupi limalemera kuwirikiza katatu kapena kanayi kwa masekondi angapo, kenaka n'kukankhidwira kumbali mwadzidzidzi. Munthu wamkulu amaona pokhota pakubwera, amalimbitsa khosi n'kutsamiritsa mutu. Mwana wamng'ono amatsinzina, amawerama, kapena amatembenuka kufunafuna amayi ake, ndipo mutu umakamenya chitsulo cha pamapewa.

Ku America, madokotala a chipatala cha ana cha Nationwide mumzinda wa Columbus anawerenga ana amene anafika m'zipatala za m'dziko lonselo atavulala pa zokwera za m'malo osangalalira kuyambira 1990 mpaka 2010. Anapeza kuti anali oposa 4,000 chaka chilichonse, ndipo malo ovulala kwambiri anali mutu ndi khosi. Ambiri anavulala chifukwa chogwa, ndipo ena mwa iwo anagwa pa tizokwera tating'ono toponya ndalama ta m'mamolo, tija makolo timationa ngati n'tosaopsa. Poganizira unyinji wa ana amene amakwera, ngozi zazikulu n'zosowa, ndipo sindikufuna muchite mantha n'kulephera ulendo. Mfundo yanga ndi yakuti kukwanitsa muyezo ndi poyambira chabe.

Tinene kuti wamkuluyo wapyola 130 cm. Funso lotsatira ndi lakuti, kodi amamva zonena? Mukamuuza kuti akhale tsonga, mutu autsamiritse kumbuyo, manja agwire chitsulo mpaka sitima itaima, adzachitadi zimenezo mantha atamugwira? Mwana amene amamasula lamba m'galimoto mukangoyang'ana kumbali sanafike. Ndipo kodi akufuna yekha, kapena akuopa kusekedwa ndi anzake kusukulu? Imani naye pansi aone sitimayo ikudutsa kawiri katatu, amve phokoso lake ndi kukuwa kwa anthu. Akanena kuti ayi, mulekeni, ngakhale mutalipira kale tikiti. Ndimakana kotheratu zokoka mwana akulira n'kumukhazika pampando ati azolowere. Sitima ikanyamuka palibe woimitsa, ndipo mwana wogwidwa ndi mantha amayesa kudzisolola m'chitsulo. Ayambire pa zokwera zofatsa, mukamuona akutsika akuseka ndiye apite pa zokulirapo. Tower of Terror, ija imagwetsera anthu m'dzenje la mgodi, asayambire imeneyo.

Wamkaziyo musamusiye wopanda kanthu. Pamalopo pali mbali ya ana aang'ono, ndipo pakiyo inamangidwa pa mgodi wakale wa golide, kotero zinthu zokaona zilipo zambiri. Muuzeni kunyumba, osati pamzere, kuti zokwera zili ndi msinkhu wake ndipo iye ali ndi zake. Kholo limodzi lipite ndi wamkulu, lina ndi wamng'ono.

Za chizungulire ndi kusanza, ana anu mumawadziwa kale. Ngati wina amasanza m'basi mukamapita kumudzi kudzera ku Tete, zokwera zozungulira zidzamuvuta kuposa zotsetsereka. Zimachitika chifukwa mkati mwa khutu muli timachubu tamadzi touza ubongo mmene thupi likuyendera, ndipo uthenga wake ukasemphana ndi zimene maso akuona, nseru imayamba. Vutoli limakula kwambiri pa zaka za kupulayimale. Adye chakudya chopepuka, osati tchipisi ndi zakumwa za shuga n'kuthamangira kukakwera, komanso asakwere ndi njala. Mankhwala oletsa kusanza pa ulendo amagonetsa, ndiye musamupatse mwana popanda kufunsa kufamase kapena kuchipatala. Dzuwa la December ku Johannesburg limawotcha, mumzindawo ndi pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndiye madzi ndi chipewa zisasowe.

Akatsika, muyang'aneni. Chizungulire cha mphindi zochepa n'chachizolowezi. Koma mutu ukamapweteka osaleka, akasanza kangapo, akamayenda modzandira, akamaodzera mosadziwika bwino, khosi likauma, kapena akanena kuti dzanja lachita dzanzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche.

Adokotala, mwana wanga wazaka 11 amadwala khunyu ndipo amamwa mankhwala tsiku lililonse. Kalasi yawo ikupita kupaki ya zokwera. Ndimuletse?
Bambo, Pretoria

Bambo, ulendowo apite. Ana a khunyu amasalidwa kale pa zinthu zambiri, ndipo kumusiya pakhomo anzake onse atapita kumamupweteka mumtima. Chofunika kukambirana ndi dokotala amene amamuona ndi chakuti akwere ziti. Dokotalayo adzafunsa kuti anagwa liti komaliza, kugwa kwake n'kotani, ndiponso ngati magetsi othwanima amamuyambitsa. Ndi ana ochepa okha a khunyu amene magetsi amawayambitsa, koma ngati wanu ali m'gulu limenelo, apewe zokwera za mumdima zokhala ndi magetsi ophethira. Ngati wagwapo miyezi yapitayi kapena mankhwala angosinthidwa, apewe zokwera zothamanga, zam'mwamba ndi zam'madzi, chifukwa akagwa ali pampando palibe angamufikire mpaka sitima itaima.

Kawirikawiri chimene chimagwetsa ana pa maulendo otere ndi kusagona usiku chifukwa cha chisangalalo, kuiwala mankhwala am'mawa pothamangira basi, kutopa ndi ludzu. Agone msanga, amwe mankhwala inu mukuona, ndipo mphunzitsi mmodzi adziwe zochita: kumugoneka cham'mbali, osamuika kanthu m'kamwa, kuwerenga nthawi, ndi kuitana ambulansi kugwako kukapitirira mphindi 5.

Makolo ena amene muyenera kuyamba mwaonana ndi dokotala ndi a ana odwala mtima, amene anakomokapo akuthamanga, amene achitidwa opaleshoni kapena amenyetsa mutu posachedwapa, ndi amene ali ndi chubu chochotsa madzi m'mutu. Ana a Down syndrome ena amakhala ndi mafupa awiri oyamba a khosi osagwirana bwino, choncho zokwera zogwedeza mutu asazikwere dokotala asanawaone. Wa matenda a magazi a sickle cell asamale kutentha ndi ludzu, azipuma pamthunzi. Wa mphumu inhela yake ikhale m'thumba mwake, osati m'chikwama chimene chatsala m'basi.